Msilikali wa Cikwama ca Mankhwala

Phunziro 1: Ndani uyu?

Ana inu, khalani pansi bwino. Yang'anani cithunzi.

Pa cithunzi pali asilikali atatu. Awiri anyamula mfuti. Wacitatu wabereka cikwama kumsana. Pa mkono pake wamanga kansalu koyera. Pa kansaluko pali mtanda wofiira.

Tiyeni tiwerenge pamodzi.

Uyu ndi msilikali.
Iye ndi msilikali wa zaumoyo.
Amavala ngati anzake.
Amagona kumene anzake amagona.
Amadya zimene anzake amadya.
Koma nchito yake ndi ina.
Iye amasamala odwala.
Iye amamanga mabala.
Anzake amamuitana kuti "adokotala."
Pa Cipwitikizi amati técnico de saúde.

Msilikali wa zaumoyo akhoza kukhala mwamuna. Akhozanso kukhala mkazi.

Gulu la asilikali a dziko lathu la Moçambique limachedwa FADM. Gululi lidayamba mu 1994, nkhondo itatha. Tsiku la asilikali ndi 25 Seputembala.

Ku Maputo kuli cipatala cacikulu ca asilikali. Dzina lake ndi Hospital Militar. Koma asilikali ambiri amagwira nchito kutali ndi Maputo. Ena ali m'malire a dziko. Ena ali kuchire, kumene kulibe msewu. Msilikali akadwala kumeneko, cipatala cake coyamba ndi cikwama cija.

Mafunso

1. Pa cithunzi pali asilikali angati?
2. Wacitatu wabereka ciyani?
3. Mtanda wa pa mkono pake ndi wa mtundu wanji?

Tilembe

ma me mi mo mu
madzi, magazi, moyo, mutu

Phunziro 2: M'cikwama muli ciyani?

Tiyeni titsekule cikwama. Tione zimene zili m'katimo.

Muli sopo wosambira m'manja.
Muli magolovesi ovala m'manja.
Muli thonje lopukutira bala.
Muli mabandeji omangira bala.
Muli sizasi yodulira nsalu.
Muli lamba woletsa magazi.
Muli mapiritsi a malungo.
Muli jekeseni.
Muli kacipangizo koyezera kutentha kwa thupi.
Muli kope ndi colembera.

Kunja kwa cikwama kuli macira. Macira ndi onyamulira munthu amene sangathe kuyenda.

Cikwamaci ndi colemera. Msilikali wa zaumoyo amacibereka tsiku lonse. Amakwera naco mapiri. Amawoloka naco mitsinje. Mvula ikagwa, amayamba waphimba cikwama. Iye akhoza kunyowa, koma mabandeji asanyowe.

Madzulo alionse amawerenga zinthu zake. Amafuna kudziwa zimene zatsala. Bandeji ikatha kuchire, palibe sitolo yoti akagule ina.

Tiwerengere limodzi naye

1. M'cikwama munali mabandeji 5. Wamanga mabala ndi mabandeji 2. Atsala angati?
2. Mmawa kudabwera odwala 3. Masana kudabwera odwala 4. Onse pamodzi ndi angati?
3. Macira amodzi anyamulidwa ndi anthu 4. Jambulani anthu 4 m'kope mwanu.

Cenjezo

Mapiritsi si masiwiti. Mwana asamwe mapiritsi payekha. Jekeseni wotayidwa si cidole. Mukamuona pansi, musatole. Itanani munthu wamkulu.

Tilembe

ba be bi bo bu
bala, bandeji, buku

Phunziro 3: Tsiku la nchito

Msilikali wa zaumoyo sagwira nchito pa nkhondo pokha. Masiku a mtendere nawonso amatanganidwa.

Mmawa amadzuka tambala akulira. Amasamba m'manja ndi sopo. Asilikali odwala amafola pa mzere. Iye amawafunsa mmodzimmodzi.

"Mwadzuka bwanji?"
"Sindinadzuke bwino, adokotala. Mutu ukuwawa. Ndikumva kuzizira."

Iye amayeza kutentha kwa thupi. Thupi la munthu wabwinobwino limakhala pafupi ndi madigiri 37. Likatentha kuposa apo, pali vuto. Ndiye amabaya cala pang'ono. Amatenga kadontho ka magazi. Kadonthoko kamaonetsa ngati munthu ali ndi malungo. Akapeza malungo, amapereka mankhwala. Amalemba zonse m'kope.

Masana amayendera msasa wonse. Msasa ndi malo amene asilikali amakhala. Amaona madzi akumwa ngati ali oyera. Amaona cimbudzi ngati cili covundikira. Amaona kophikira ngati kuli nchenche. Amaona mapazi a anzake, cifukwa nsapato zimatulutsa matuza pa ulendo wautali.

Madzulo amakumbutsa aliyense kuti agone m'neti. Malungo amabwera ndi udzudzu. Udzudzu suopa msilikali.

Kale, m'nkhondo zambiri, matenda ankapha asilikali oculuka kuposa zipolopolo. Ndico cifukwa cake madzi, cimbudzi ndi neti ndi nchito yaikulu.

Kodi nchito imeneyi amaiphunzira kuti? Amayamba monga inu, mu Kalasi 1. Amaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu. Popanda kuwerenga, sangadziwe dzina la mankhwala. Popanda masamu, sangadziwe mapiritsi oyenera kupereka. Akakula amaphunzira zinthu ziwiri: za usilikali ndi za cipatala.

Pulezidenti woyamba wa dziko lathu adali Samora Machel. Asanakhale msilikali, iye adali namwino. Ankagwira nchito pa cipatala ca mu mzinda wa Lourenço Marques. Mzindawo lero ndi Maputo.

Mafunso

1. Kodi malungo amabwera ndi ciyani?
2. Cifukwa ciyani msilikali wa zaumoyo amayendera cimbudzi?
3. Samora Machel ankagwira nchito yanji asanakhale msilikali?

Phunziro 4: Munthu akavulala

Tsiku lina msilikali amavulala. Mwina wagwa pa galimoto. Mwina walasidwa ndi cipolopolo. Anzake amafuula kuti, "Adokotala! Adokotala!"

Iye amatenga cikwama nathamanga. Mtima umagunda, koma mutu uyenera kukhala m'malo. Amacita zinthu motsatana.

Coyamba, amaona ngati malowo ali bwino. Akavulala iyenso, ndani athandize?

Caciwiri, amaletsa magazi. Amaika nsalu yoyera pa bala. Amakanikiza mwamphamvu. Magazi akakana kuleka pa mwendo kapena pa mkono, amamanga lamba pamwamba pa bala. Amalemba nthawi imene wamanga.

Cacitatu, amaona ngati munthuyo akupuma bwino.

Cacinayi, amamufunda bulangete kuti asazizidwe.

Cacisanu, amamugoneka pa macira. Anzake amamunyamula kupita ku galimoto kapena ku helikopita. Ku cipatala madokotala amapitiriza nchito.

Cifukwa ciyani amathamangira magazi? Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. Kumbukani kacigubu ka mafuta ophikira ka malita 5. Magazi onse a bambo wamkulu angakwane m'menemo. Si ambiri ayi. Akataika ambiri, munthu amafa msanga.

Nanga ovulala akakhala ambiri, amayamba ndi ndani? Sayamba ndi wamkulu wa asilikali. Sayamba ndi mnzake wa kumudzi kwawo. Sayamba ndi amene akulira kwambiri. Amayamba ndi amene moyo wake uli pangozi, amene sangathe kudikira.

Sewero

Khalani m'magulu a ana 5. Mmodzi akhale wovulala pa mwendo. Mmodzi akhale msilikali wa zaumoyo. Atatu akhale othandiza. Tengani kansalu koyera. Onetsani kukanikiza bala. Lankhulani mawu olimbitsa mtima kwa wovulala. Musamange cingwe pa thupi la mnzanu. Lamba ndi wa anthu amene adaphunzira nchitoyi.

Phunziro 5: Nkhani ya agogo

M'dziko lathu mudali nkhondo ya zaka 16. Anthu a dziko limodzi ankamenyana okhaokha. Nkhondoyo idatha pa 4 Okutobala 1992, pamene atsogoleri a mbali ziwiri adasaina pangano la mtendere ku Roma. Ine mphunzitsi wanu sindidaione. Ndidabadwa itatha.

Tsiku lina ndidaitana agogo ena a m'mudzi mwathu kuti adzaceze ndi ana. Pa nkhondo ija iwo adali msilikali wa zaumoyo. Lero amalima cimanga ndi mbatatesi. Tidawapatsa mpando pansi pa mtengo wa mango. Ana adakhala pansi mowazungulira.

Agogo adayamba kusimba.

"Adzukulu anga, idali nthawi ya mvula. Tidali pafupi ndi mtsinje. Mfuti zidalira masana onse. Madzulo zidaleka.

"Anzanga adabwera ndi anthu awiri ovulala. Woyamba adali wa gulu lathu. Adavulala pa mkono. Waciwiri adali wa gulu linalo. Adali mnyamata wamng'ono, wopanda ndi ndevu zomwe. Adavulala pa nchafu. Magazi ankatuluka kwambiri.

"Ndidatsekula cikwama. Mudatsala bandeji imodzi yokha.

"Mkulu wathu adati, 'Adokotala, yambani ndi wathuyu. Uyo ndi mdani.'

"Ndidayang'ana mabala onse awiri. Ndidati, 'Bwana, wathuyu akhoza kudikira. Mwana uyu sangadikire.'

"Anzanga adakhala cete. Ena adakwiya. Manja anga ankanjenjemera. Ndidagwada pansi. Ndidamanga lamba pa nchafu ya mnyamata uja. Ndidaika bandeji ija. Magazi adaleka.

"Kenaka ndidavula malaya anga a m'kati. Ndidawaviika m'madzi owira. Ndidawang'amba. Ndidamanga mkono wa mnzanga.

"Mmawa tidawanyamula onse awiri. Tidayenda mpaka dzuwa kufika pamutu. Onse adafika ku cipatala ali moyo. Koma anzanga ena sadandilankhule masiku atatu."

Mtsikana wina adakweza dzanja.

"Agogo, simunkaopa?"

"Ndinkaopa, mdzukulu wanga. Masiku onse ndinkaopa."

Mnyamata wina adafunsa, "Agogo, mudaciritsa anthu onse?"

Agogo adayang'ana pansi. Adati, "Iyayi. Ena adamwalira m'manja mwanga. Mpaka lero ndimawakumbukira. Nkhondo si masewera, ana inu."

"Nanga mnyamata uja ali kuti, agogo?"

"Sindidziwa. Sindidamufunse dzina. Mwina akulima cimanga monga ine. Mwina mdzukulu wake ali mu Kalasi 1 monga inu."

Ana adaomba m'manja. Tidawaperekeza agogo mpaka pa msewu.

Mafunso

1. M'cikwama mudatsala mabandeji angati?
2. Agogo adayamba ndi ndani? Cifukwa ciyani?
3. Adamanga mkono wa mnzawo ndi ciyani?
4. Mukadakhala inu, mukadacita ciyani?

Phunziro 6: Lamulo la mtanda wofiira

Agogo sadalakwe. Pali lamulo limene limanena zomwezo. Tiyeni timve kumene lidacokera.

Mu 1859 kudali nkhondo yaikulu ku dziko la Italy, pa malo ochedwa Solferino. Asilikali zikwizikwi adavulala tsiku limodzi. Adagona pansi opanda madzi. Owathandiza adali ocepa.

Munthu wina wa pa ulendo adafika pamenepo. Dzina lake adali Henry Dunant. Kwawo kudali ku Geneva, m'dziko la Switzerland. Iye sadali dokotala. Adali munthu wa malonda. Koma ataona ovulala, adamva cisoni. Adaitana amayi a m'dera limenelo. Adapereka madzi. Adatsuka mabala. Sadasankhe mbali.

Atabwerera kwawo, adalemba buku la zimene adaona. Mu 1863 iye ndi anzake adayambitsa bungwe limene lero timati la Mtanda Wofiira. Mu 1864 maiko adagwirizana malamulo oyamba. Mu 1949 adalembanso malamulowo mokwanira. Amachedwa Mapangano a ku Geneva. Maiko onse a pa dziko lapansi adawavomera. Dziko lathu lidawavomera mu 1983.

Malamulowo amati:

Wovulala aliyense athandizidwe.
Wa mbali yathu athandizidwe.
Wa mbali ina athandizidwe.
Wosamala ovulala asaomberedwe.
Cipatala cisaomberedwe.
Galimoto ya odwala isaomberedwe.

Cizindikiro cake ndi mtanda wofiira pa nsalu yoyera. Maiko ena ali ndi mwezi wofiira pa nsalu yoyera. Tanthauzo ndi limodzi: "Pano pali odwala ndi owasamala. Musaombere."

Kuno kwathu kulinso bungwe la Cruz Vermelha de Moçambique. Lidayamba mu 1981. Anthu a m'bungweli si asilikali. Ambiri amathandiza mongodzipereka.

Nchito

Tengani pepala loyera. Jambulani mtanda pakati. Pakani mtundu wofiira. Pansi pake lembani mawu awa: moyo.

Phunziro 7: Mwana wobadwira mu mtengo

Msilikali wa zaumoyo sathandiza asilikali okha. Mverani nkhani iyi. Idacitikadi.

Mu caka ca 2000 mvula yambiri idagwa kumwera kwa dziko lathu. Mtsinje wa Limpopo udasefukira. Madzi adamiza minda. Adamiza nyumba. Anthu adakwera pa madenga. Ena adakwera m'mitengo.

Pafupi ndi Chibuto, m'cigawo ca Gaza, mayi wina adakwera mu mtengo pamodzi ndi abale ake. Mayiyo adali woyembekezera. Adakhala mu mtengomo masiku angapo. Pansi ponse padali madzi.

Asilikali a ku South Africa adabwera ndi mahelikopita kudzapulumutsa anthu. Pa 1 Malici helikopita ina idafika pa mtengo uja. Nthawi ya mayi uja idali itakwana. Mwana adabadwira mu mtengo momwemo.

Msilikali wa zaumoyo adatsika pa cingwe kucokera mu helikopita. Mphepo inkaomba. Nthambi zinkagwedezeka. Iye adadula mcombo wa mwana. Mwana ndi mayi ake adakokedwa kupita m'mwamba. Adawatengera kumtunda kouma. Mwanayo adali wamkazi. Anthu a m'maiko ambiri adaona zithunzi zake.

Msilikali uja adali mlendo. Mayi uja sadali msilikali. Sadali mbale wake. Koma iye adatsika pa cingwe.

Mu 2019 namondwe wochedwa Idai adaononga mzinda wa Beira ndi midzi yozungulira. Asilikali a dziko lathu ndi a maiko ena adathandizanso kupulumutsa anthu ndi kusamala odwala.

Mafunso

1. Ndi mtsinje uti umene udasefukira mu 2000?
2. Mwana adabadwira kuti?
3. Msilikali wa zaumoyo adatsika bwanji?

Tilembe

sa se si so su
sopo, sukulu, sewero

Phunziro 8: Nanga ife tingacite ciyani?

Inu ndinu ana. Mulibe cikwama ca mankhwala. Koma muli ndi maso, miyendo ndi pakamwa. Mukhoza kuyamba lero.

Sambani m'manja ndi sopo musanadye.
Sambani m'manja mukacoka ku cimbudzi.
Gonani m'neti usiku ulionse.
Mnzanu akagwa, musamuseke. Mudzutseni.
Bala likakhala laling'ono, litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo.
Pa bala musaike dothi, phulusa kapena ndowe.
Magazi akatuluka ambiri, muuzeni mnzanuyo akanikize bala ndi nsalu yoyera. Inu thamangani mukaitane munthu wamkulu.

Nanga amene wagwayo akakhala mwana amene mudayambana naye dzulo? Kumbukani agogo aja. Mthandizeni.

Pali cinthu cinanso. Nkhondo idasiya mabomba okwirira pansi m'malo ambiri. Anthu adagwira nchito zaka zambiri kuwacotsa. Mu 2015 boma lidalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Komabe zipolopolo zakale ndi zitsulo zina zophulika zikhoza kupezeka m'chire kapena m'munda. Mukaona citsulo cacilendo, citani izi:

Musacigwire.
Musacigende ndi mwala.
Musaciike pa moto.
Bwererani njira imene mwadzera.
Kauzeni makolo, aphunzitsi kapena amfumu.

Tinene pamodzi, tikuomba m'manja

Madzi ndi sopo, manja ayere.
Neti usiku, udzudzu ugone ndi njala.
Mnzanga akagwa, ndimudzutse.
Bala likakula, ndiitane akulu.

Mawu m'zilankhulo ziwiri

msilikali: soldado
cikwama: pasta
bala: ferida
magazi: sangue
mankhwala: remédio
macira: maca
cipatala: hospital
malungo: malária
madzi: água
sopo: sabão
mtendere: paz

Kwa makolo ndi onse a pakhomo

Amayi, abambo, agogo ndi inu nonse amene mumalera ana athu,

Mwana wa Kalasi 1 sangathe kuwerenga yekha masamba onsewa. Iye awerenge mizere yaifupi ndi zilembo za pa "Tilembe." Nkhani zazitali mumuwerengere ndinu, madzulo mutatha kudya. Ngati pakhomo palibe wodziwa kuwerenga, pemphani mwana wa kalasi yapamwamba. Phunziro limodzi pa tsiku ndi lokwanira.

Nkhani ya nkhondo ndi yowawa m'mabanja ambiri. Ena mudataya abale. Ena mudathawira ku Malawi, kumene kudafika anthu athu oposa 1 miliyoni. M'midzi yathu muli anthu amene adali mbali iyi ndi ena amene adali mbali inayo. Lero amatunga madzi pa mjigo umodzi, ndipo adzukulu awo amakhala pa benchi limodzi. Phunziroli silikunena kuti wolakwa adali ndani. Likuonetsa ana munthu amene, pakati pa mfuti, adayang'ana bala osati mbali. Mwana akakufunsani zimene mudaona, muyankheni zoona monga mwa msinkhu wake. Ngati simufuna kusimba, muuzeni kuti mudzasimba akakula.

Ana ena adzafunsa ngati msilikali wa zaumoyo amanyamula mfuti. Malamulo a ku Geneva amamulola kukhala ndi mfuti yaing'ono yodzitetezera yekha ndi odwala ake. Samulola kupita kukaukira atavala mtanda wofiira. Akatero, citetezo cake catha. Nchitoyi ndi yoopsa, ndipo si onse amene amalemekeza malamulowa. Kucokera mu 2017 ku Cabo Delgado kudabuka nkhondo ina, ndipo zipatala zina kumeneko zidaonongedwa.

Nchito imeneyi ili ndi mbiri m'dziko lathu. Pa nkhondo ya ufulu, kuyambira 1964 mpaka 1974, FRELIMO idali ndi cipatala ku Mtwara, m'dziko la Tanzania. Cinkachedwa Américo Boavida. Kumeneko ankaciza ovulala ndi kuphunzitsa anamwino. Ufulu utabwera mu 1975, madokotala ambiri adacoka m'dziko. Matekiniko a zaumoyo ndi amene adagwira zipatala za kumidzi. Mu 1984 dziko lidayamba kuphunzitsa matekiniko ena kucita maopaleshoni.

Mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi, akanena kuti akufuna nchito ya zaumoyo, musamugwetse mphwayi. Matekiniko amaphunzira m'masukulu ochedwa Instituto de Ciências de Saúde, ndipo ku Tete iliko imodzi. Usilikali ndi wa anthu amene akwanitsa zaka 18. Mwana sayenera kugwira mfuti. Njira yake ndi sukulu, ndipo imayamba ndi kubwera m'kalasi tsiku lililonse, ngakhale nthawi yolima ndi yokolola.

Pakhomo panu mukhoza kucita zimene msilikali wa zaumoyo amacita pa msasa. Wiritsani madzi akumwa kapena thirani mankhwala oyeretsera madzi. Vundikirani cimbudzi. Ana agone m'neti. Mwana akatentha thupi, pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo kuti akamuyeze malungo. Akatsekula m'mimba, mpatseni madzi a mcere ndi shuga a m'mapaketi a ku cipatala. Ngati paketi palibe, tengani lita 1 ya madzi owiritsa ndi ozizira, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Sakanizani bwino. Mpatseni pang'onopang'ono, ndipo pitirizani kumuyamwitsa kapena kumudyetsa muli pa ulendo wa ku cipatala.

Nchito ya pakhomo

Thandizani mwana kukonza kacikwama ka cithandizo coyamba. Mutenge kathumba koyera. Muikemo kacidutswa ka sopo ndi tinsalu 2 tocapa bwino ndi kusita. Musaikemo mapiritsi, lezala kapena singano. Lolemba mwana abwere nako ku sukulu. Tidzawerengera pamodzi zimene zili m'katimo.